Kamba wamkazi wa chigoba chopunduka: kumukweretsa kapena ayi, ndi momwe mungamuthandizire kuikira mazira

Kamba wanga wamkazi, Nachitunda, anabwera kwa ine ali ndi zaka pafupifupi 14. Amene ankamuweta poyamba anamulera m'nyumba, pakona pouma gwa, dzuwa akungoliona kudzera pagalasi la zenera. Sindikayika kuti ankamukonda, koma ankamupatsa chakudya cha agalu ndi zipatso kuti akule msanga. Anakuladi msanga, koma anakula mokhota. Ndi kamba wa mtundu wa leopard tortoise, uja wa mawanga akuda pachigoba chachikasu. Kumsana kwake kuli zitunda zosongoka ngati mizere ya m'munda, ndipo chakumbuyo, pamwamba pa miyendo, chigoba chinalowa mkati ngati wina anachiponda chikadali chanthete.

Atatha miyezi isanu ali kwanga anasiya kudya. Ankangozungulira m'mbali mwa mpanda, kununkhiza pansi, kupalasa pang'ono ndi miyendo yakumbuyo, kenako kuchokapo. Za mazira sindinaziganizire n'komwe chifukwa ndinalibe kamba wamwamuna. Nditapita naye kwa dokotala wa ziweto, anamujambula ekisileyi n'kundiitana kuti ndione chithunzicho. Munali mazira 11, oyera mbee, othinana m'mimba mwake.

Ngati muli ndi kamba wamkazi wokula kale, yambani ndi kudziwa ichi: amatha kupanga mazira popanda wamwamuna, monga momwe nkhuku imaikira popanda tambala. Komanso akamba aakazi amasunga umuna m'thupi kwa zaka. Mwa akamba a mtundu wa Hermann, wamkazi amatha kuikira mazira amoyo patapita zaka zitatu kapena zinayi chikumanirane ndi wamwamuna. Ndiye kumulekanitsa ndi wamwamuna n'kofunika, koma sikuthetsa nkhani. Tsiku lina mazira adzabwera ndithu, ndipo adzafunika njira yotulukira.

Chigoba ndi mafupa a kambayo

Timakonda kunena kuti kamba amayenda ndi nyumba yake. Kunenako n'kokoma, koma kumasocheretsa. Chigoba ndi nthiti ndi fupa la msana zomwe zinatambasuka n'kulumikizana, ndipo pamwamba pake pali zigamba zopangidwa ndi zinthu zofanana ndi zikhadabo zathu. Mapapo ali pamwamba, pansi penipeni pa chigoba cha kumsana. Mafupa a m'chiuno ali mkati mwa chigoba momwemo. Choncho chigoba chikapindika, zamkati nazo zimasowa malo, ndipo nthawi zambiri matenda amene anapinda chigobacho anapindanso chiuno.

Dzira limadutsa pa zipata ziwiri. Choyamba ndi mpata wa pakati pa mafupa a m'chiuno, umene simungauone ndi maso. Chachiwiri ndi mpata wa kumchira, pakati pa nsonga ya chigoba cha kumsana ndi nsonga ya chigoba cha kumimba. Mazira a akamba ngati Nachitunda ndi olimba, safinyika ngati a njoka. Dzira la leopard tortoise ndi lobulungira, kukula kwake masentimita anayi kapena asanu. Mpata ukachepa ndi theka la sentimita chabe, dziralo limakanirira, ndipo onse amene ali pambuyo pake amatsekeredwa.

Alipo kamba wamng'ono kwambiri wa ku South Africa, wotchedwa speckled padloper, amene amaikira dzira limodzi lalikulu kuposa mpata wa m'chiuno mwake, ndipo chiunocho chimatambasuka pa nthawi yoikira. Ndimamutchula chifukwa anthu ena akamva zimenezi amaganiza kuti kamba aliyense thupi lake lidzapeza njira. Uyo analengedwa choncho. Kamba amene mafupa ake anafewa ali mwana n'kuumira pokhota sangadalire zimenezo.

Si kupunduka kulikonse kumene kuli koopsa

Pano ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amangoti kamba aliyense wa chigoba chachilendo ndi wodwala. Mukaona kamba ali ndi chigamba chowonjezera kapena chigamba chogawikana pakati, koma chigoba chili cholimba ndi chozungulira bwino, palibe chodetsa nkhawa. Kawirikawiri zimenezo zimachokera ku kutentha kopyola muyeso pamene anali m'dzira. Amadya, amayenda, amaikira ngati anzake.

Zitunda zapamsana nazo zili ndi milingo. Mitundu ina, monga Indian star ndi tent tortoise, imakhala ndi zitunda mwachibadwa ngakhale kutchire, ndipo pancake tortoise wa ku Kenya ndi Tanzania chigoba chake n'chafulati ndi chofewa chibadwire. Muyenera kudziwa kaye mtundu wa kamba wanu musanamuweruze. Kwa mitundu imene imayenera kukhala yosalala, zitunda zimasonyeza kuti analeredwa molakwika. Mu 2003 akatswiri a pa yunivesite ya zaziweto ku Vienna analera ana a akamba a sulcata m'malo osiyana chinyezi, ndipo amene anakulira pouma ndiwo anamera zitunda zazitali. Zitunda zikamera sizibwerera. Koma ngati zili zapakatikati, chigoba chili gwa ngati mwala, kamba akuyenda atanyamula mimba yake m'mwamba, ndipo mpata wa kumchira uli wotakasuka, zitunda pazokha siziletsa dzira kutuluka.

Choopsa ndi matenda ofewetsa mafupa, amene amabwera kamba akasowa kashiamu, kapena akasowa kuwala kwa UVB, mbali ya kuwala kwa dzuwa imene thupi limapangira vitamini D3, kapena akamadya zakudya zochuluka fosiforasi. Kamba wotere msana wake umaphwatalala, kumbuyo kumalowa mkati, nsonga ya chigoba cha kumsana imapindikira pansi kapena ya kumimba imapindikira m'mwamba, mpaka mchira kusowa poyenda. Poyenda amakhwekhwereza mimba pansi, miyendo yakumbuyo itatambalala m'mbali. Ameneyu ndiye ali pangozi yeniyeni, pa zifukwa ziwiri: njira ndi yopapatiza, komanso minofu imene imakankha dzira imafuna kashiamu kuti igwire ntchito.

Gulu lina ndi akamba amene anavulala, olumidwa ndi galu, opondedwa ndi galimoto, opsa ndi moto. Bala la kutsogolo kapena m'mbali likapola bwino nthawi zambiri silisokoneza mazira. Bala la kumbuyo limafuna ekisileyi, chifukwa chiuno chimatha kuthyoka n'kupola mopingasa kunja kusakuoneka chilichonse.

Mmene mungamuyezere kunyumba

Muikeni pansi posaterera n'kumuona akuyenda, inu mutagwada kuti maso anu akhale pafupi ndi nthaka. Kamba wamphamvu amadzuka ndi miyendo yonse inayi, pansi pa mimba pamaoneka kuwala. Kenako dinikizani chigoba pang'onopang'ono ndi chala chachikulu, kumsana, m'mbali, ndi kumimba. Mwa kamba wamkulu, kupatula pancake tortoise uja, sichiyenera kubonyoka ngakhale pang'ono. Mukamva chikulowa ngati chitini chopanda kanthu, siyani pomwepo, musabwerezenso.

Tengani lula muyeze mpata wa kumchira, kuchokera pa nsonga ya chigoba cha kumimba kufika pa nsonga ya cha kumsana, ndiponso m'lifupi mwake. Lembani. Wa Nachitunda ndi masentimita anayi ndi theka, kutanthauza kuti mazira ake amadutsa mokhula. Muyezeninso pasikelo mlungu uliwonse, tsiku lomwelomwelo, n'kumalemba m'kabuku. Kulemera kukamakwera pamene kudya kukutsika, ganizirani za mazira.

Pochita zonsezi musamutembenuze chagada nthawi yaitali, ndipo musamamunyamulenyamule. Paja akuluakulu anati kamba amanyera amene wam'tola, ndipo ananena zoona: akachita mantha amataya madzi amene anasunga m'chikhodzodzo. Madzi amenewo wamkazi amawafuna kwambiri, chifukwa ndi omwe amafewetsera dothi pokumba chisa.

Ena amaphunzitsa kupisa chala pa mpata wa kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo kuti umve mazira. Ine ndimawasiyira adokotala zimenezo. Kamba akakoka mwendo mwadzidzidzi amakupanani chala koopsa, ndipo ngati mazira ake ali a chigoba chopyapyala mukhoza kuswa limodzi mkati.

Zofunsa adokotala

Pezani dokotala amene anagwirapo akamba, si onse amene anazolowera. Chitani zimenezi kamba akadali bwino, osadikira usiku umene wadwala. Pemphani ekisileyi, ndipo chithunzi chikatuluka funsani momveka: Adokotala, mazira alimo angati? Lilipo lalikulu kuposa anzake, kapena losaumbika bwino, kapena awiri omatirirana? Poyerekeza ndi mpata wa m'chiuno, adutsa? Mafupa akuoneka olimba? M'chikhodzodzo mulibe mwala? Mwala wa m'chikhodzodzo umapezeka kawirikawiri mwa akamba okulira pouma, ndipo umatha kutseka njira ya dzira.

Ngati n'kotheka ayezenso magazi kuti aone kashiamu ndi impso. Pali vuto linanso limene ekisileyi siionetsa bwino: timazira tosakhwima, topanda chigoba, timatha kuunjikana m'mimba osapitirira kukula, osasungunukanso. Kamba amangofooka, osadya, miyezi n'kumapita. Zimenezi zimaoneka pa sikani. Choncho mukauzidwa kuti pachithunzi palibe mazira koma kamba akupitirirabe kukana chakudya, funsani za sikaniyo.

Kodi akwatiwe?

Yankho langa pa kamba wa mafupa amene anafewapo, kapena wa kumbuyo kophwanyika, ndi lakuti ayi. Sindinenera izi kuopa kuti ana adzatengera. Kupunduka kochokera ku kaleredwe sikuyenda m'magazi, ndipo mayi wa zitunda amatha kuswa ana osalala bwinobwino. Ndimakana chifukwa cha mayiyo.

Kukwerana kwa akamba n'kwankhanza. Wamwamuna amagunda wamkazi ndi chigoba mobwerezabwereza, mitundu ina imaluma miyendo mpaka magazi, kenako amamukwera ndi thupi lake lonse, pamalo pomwe paja chigoba chinalowa mkati. Samachita kamodzi. M'khola wamkazi alibe kothawira, ndiye amavutitsidwa tsiku ndi tsiku, osadya mokwanira, osapuma. Akagadabuzidwa, kamba wa chigoba chokhota amalephera kudzitembenuza, ndipo padzuwa lamphamvu akhoza kufa musanabwere.

Ndiye pali mtengo wa mazira enieniwo. Leopard tortoise amaikira mazira kuyambira 5 mpaka 30 nthawi imodzi, ndipo amatha kubwereza kangapo m'nyengo imodzi, patangopita milungu itatu kapena inayi. Sulcata amaikira 15 mpaka 30. Chigoba cha dzira lililonse ndi kashiamu, ndipo chakudya chikapereŵera thupi limakamutenga m'mafupa a mayi. Kamba amene mafupa ake ndi operewera kale mukumubweza m'mbuyo ndi chisa chilichonse.

Ganiziraninso za anawo. Kamba amakhala zaka 50 kapena kuposa, ndipo ana 15 akufuna makomo 15 odziwa kulera, apo ayi mukupanga a Nachitunda ena. Akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo maiko ambiri amafuna chilolezo poweta, pogulitsa kapena potumiza kunja. Fufuzani malamulo a kumene mukukhala musanaswetse dzira ngakhale limodzi.

Kwa kamba wa zitunda chabe, wolimba, wokula mokwanira, amene adokotala amuona pachithunzi n'kuvomereza, sindiletsa. Koma wamwamuna azikhala kwina, muziwakumanitsa masiku ochepa inu mukuona, kenako kuwalekanitsanso. Kukula n'kofunika kuposa zaka: wamkazi wamng'ono thupi amatha kupanga dzira loposa njira yake. Wamwamuna wopunduka vuto lake n'lochepa, koma amagwa chagada kawirikawiri pokwera, ndipo mpata wa kumchira ukakhala wopapatiza chida chake chimatha kukanika kubwerera mkati. Zikatero musachisiye chiume, chinyowetseni ndi madzi oyera n'kuthamangira kwa adokotala.

Kukonzekera mazira amene abwera okha

Chakudya cha akamba odya udzu ngati Nachitunda chikhale udzu ndi masamba osathiridwa mankhwala. Nyama, chakudya cha agalu kapena amphaka, nyemba ndi zipatso zotsekemera zichoke. Akatswiri amalangiza kuti m'chakudya kashiamu azichuluka kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi fosiforasi. Ine ndimawaza ufa wa kashiamu wotchedwa calcium carbonate pamasamba onyowa katatu pamlungu, ndipo ndimasiya fupa la cuttlefish (nyama ya m'nyanja yamchere, fupa lake n'lodzaza kashiamu) m'khola nthawi zonse. Miyezi yambiri Nachitunda saliyang'ana n'komwe. Ndikangomva akulikukuta m'mawa, ndimadziwa kuti mazira ayamba.

Kashiamu popanda dzuwa sapita patali. Kuwala kwa UVB sikudutsa pagalasi la zenera, ndiye kamba wokhala pawindo ali ngati ali mumdima. Dzuwa lenileni, lokhala ndi mthunzi pafupi pothawira, silifanana ndi china chilichonse. Ngati nyengo ya kwanu ikukukakamizani kumusunga m'nyumba, gulani babu la UVB la zokwawa, ndipo muzilisintha pa miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake, chifukwa limapitiriza kuwala ngakhale mphamvu ya UVB itatha. Musawonjezere vitamini D3 wa m'botolo mwachisawawa, akachuluka amawononga impso.

Madzi: mbale yosaya imene angalowemo yekha, komanso kumuviika m'madzi ofunda pang'ono, ofika pachibwano, kwa mphindi 20, katatu pamlungu pa nyengo ya mazira.

Chisa

Apa ndichedwepo, chifukwa akamba ambiri amene mazira amawakanirira alibe vuto la chiuno n'komwe. Amangosowa pokumba. Kamba wamkazi akapanda kupeza malo omukhutiritsa amasunga mazira m'mimba milungu, ngakhale miyezi. Akamakhalitsa, chigoba cha mazira chimanka chikhuthala ndi kukhakhala, ndipo kwa kamba wa njira yopapatiza dzira limene likanadutsa mwezi watha limakhala losadutsanso. Izi n'zimene zinkamuchitikira Nachitunda. Khola langa linali la udzu wothinana pa dothi louma ngati simenti, ndipo miyendo yake yofooka sinkatha kuliboola.

Ndinakumba malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kuzama masentimita 40, n'kuchotsa miyala ndi mizu yonse. Ndinabwezeramo dothi losakaniza ndi mchenga, pafupifupi magawo atatu a dothi pa magawo awiri a mchenga, n'kuliunjika kuti likhale kachulu kotsetsereka pang'ono. Kwa akamba aang'ono ngati Hermann kapena Horsfield, masentimita 20 mpaka 30 ndi okwanira. Kwa sulcata wamkulu konzekerani zoposa theka la mita. Lamulo losavuta ndi lakuti dothi lizame kuposa pamene mwendo wakumbuyo ungafike atautambasula wonse. Akagunda pansi polimba asanamalize, amasiya dzenjelo n'kukayamba kwina.

Kanyowedwe kake kayeseni ndi dzanja. Fumbatani dothi: likhale chibuma chosagumuka, koma lisatuluke madzi. Louma kwambiri limagumukira m'dzenje iye akukumba, lonyowa kwambiri amalikana. Lipondeni pang'ono kuti ligwirane, chifukwa dothi lotakasuka ngati ufa silisunga khoma.

Malowo akhale owombedwa ndi dzuwa mbali yaikulu ya tsiku. Mudzamuona akugunditsa mphuno pansi apa ndi apo, akufufuza kutentha ndi chinyezi. M'nyumba, pachikani babu lotenthetsa pamwamba pake kuti dothi lapamwamba lifike madigiri 30 kapena kuyandikira apo. Ambiri amakonda kukumba pafupi ndi chinthu, tsinde la chitsamba, chipika kapena mpanda, ndiye ine ndinaika chipika m'mbali. Ngati malo alipo konzani zisa ziwiri zosiyana, asankhe yekha.

Kwa kamba wopunduka pali zina zowonjezera. Chitunda chisakhale chotsetsereka kwambiri, angagubuduzike. Dothi lapamwamba mulifewetse ndi manja tsiku lililonse. Nachitunda ndinachita kumuyambira kadzenje kosaya pamalo pamene ankakonda kupalasa, ndipo anakalandira. Chotsani akamba ena onse, agalu, ndi ana okonda kuonerera.

Tsiku loikira

Nachitunda anayamba kukumba tsiku lachisanu ndi chimodzi chikonzereni chisa, cha m'ma 3 koloko masana. Amakumba ndi miyendo yakumbuyo yokha, mosinthanasinthana, osayang'ana n'komwe, mwendo uwu kutapa dothi n'kuliika pambali, kenako winawo. Amakodzera m'dzenjemo kuti dothi lifewe. Dzenje limakhala lopapatiza kukamwa, lotakasuka pansi ngati mtsuko. Anatenga maola anayi. Kamba wamphamvu amachita mwachangu kuposa apo, koma musamufulumizitse, ndipo musamuyandikire pamene akukumba, chifukwa akadzidzimuka amasiya zonse. Kunja kukayamba kuzizira asanamalize, muyatsireni babu lotenthetsa chapatali. Kamba wozizidwa minofu yake imaleka kugwira ntchito.

Akayamba kuikira amakhala ngati wagona tulo tamaso, ndipo mukhoza kuyandikira mwakachetechete kumbuyo kwake n'kumawerenga. Kuwerengako n'kofunika kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake ekisileyi ija inali yoyenera. Ine ndinawerenga 9. Anakwirira, kusalaza ndi mimba, n'kuchokapo. Ndikanapanda kudziwa kuti munali 11, ndikanagona mosangalala.

Zizindikiro zakuti zinthu zalakwika

Kamba amene ali ndi mazira koma ali maso, akuyenda mwamphamvu, akumwa madzi ndi kufufuza malo, mukhoza kumupatsa masiku angapo mutakonza chisa. Koma mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani tsiku lomwelo: akuchima mobwerezabwereza popanda chotuluka, wafooka, mutu uli pansi, maso alowa mkati kapena satsegula, miyendo yakumbuyo yalefuka kapena yatupa, kumchira kukutuluka magazi, zamadzimadzi zonunkha kapena nyama yofiira, akupuma movutikira, kukamwa kuli yasa, sakuchita chimbudzi kapena kukodza. Kukumba maenje ambiri n'kumawasiya kwa mlungu wopitirira umodzi, chisa chili chabwino, nakonso ndi chifukwa chokwanira chobwerera kwa adokotala. Kamba sabuula, ndipo pamene akuoneka wodwala amakhala atadwala kalekale.

Musamufinye mimba. Musathire mafuta kumchira. Musakoke dzira limene laonekera. Dzira likasweka mkati, zamkati mwake zimaola m'mimba, ndipo matenda amenewo amapha. Ndipo chonde musabaye nokha jakisoni wa oxytocin chifukwa choti wina wakuuzani mlingo wake. Mankhwalawa amakankhitsa njira ya mazira mwamphamvu. Ngati kutsogolo kuli kotsekeka, ndipo mwa kamba wopunduka mwayi wotero ndi waukulu, njirayo imatha kung'ambika, kapena dzira limabwerera n'kulowa m'chikhodzodzo. Oxytocin amaperekedwa pokhapokha chithunzi chitasonyeza kuti njira ili yotseguka.

Nachitunda atatsala ndi mazira awiri aja, mawa lake ndinabwerera naye kwa adokotala. Adokotala anajambulanso, n'kuona kuti awiri otsalawo sanali aakulu kuposa amene anatuluka. Anamupatsa madzi a m'thupi, kumutenthetsa, kumubaya kashiamu, ndipo patapita kanthawi anamubaya oxytocin. Pasanathe maola atatu onse awiri anatuluka m'beseni la madzi ofunda.

Sizitha choncho nthawi zonse. Dzira likafika pafupi ndi potulukira n'kukanirira, adokotala amatha kuliboola ndi singano, kukoka zamkati, n'kuchotsa zidutswa za chigoba chake mosamala. Zikakanika pamafunika opaleshoni. Njira ina amadula kachitseko pachigoba cha kumimba n'kukamatanso pambuyo pake, ndipo fupalo limatenga chaka chimodzi kapena ziwiri kuti lipole kwathunthu. Njira ina amalowera pa khungu lofewa la kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo, chigoba osachikhudza, ndipo bala limapola msanga, koma zimadalira mtundu ndi kukula kwa mpatawo. Pa opaleshoni yomweyo amatha kuchotseratu ziwalo zopanga mazira kuti vutoli lisadzabwerenso. Ngati chithunzi chasonyeza kale kuti dzira silingadutse m'chiuno mwa kamba wanu, kambiranani za opaleshoniyi iye akadali wamphamvu. Kamba wofooka kale sapirira bwino mankhwala ogonetsa. Ine ndi adokotala tinagwirizana kuti tsiku limene dzira la Nachitunda lidzakanirire, kapena chithunzi chidzaonetse lalikulu kuposa mpata wake, tidzachita zimenezo osazengereza.

Kwa amene mumaweta mitundu yogona nyengo yozizira, monga Hermann ndi Horsfield: musamugoneke wamkazi amene mukukayikira kuti watsala ndi mazira. Ajambulidwe kaye.

Mazirawo muwatani

Ngati sanakumanepo ndi wamwamuna, mazira alibe kanthu, afukuleni n'kutaya asanasukuse ndi kuitana nyerere ndi makoswe. Dikirani amalize kukwirira ndi kuchokapo yekha. Ngati akhoza kukhala amoyo koma simukufuna ana, aikeni mufiriza tsiku lomwelo kwa masiku awiri musanataye, mwana asanayambe kuumbika. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira kamba kapena mazira ake, chifukwa amatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba.

Ngati mwasankha kuswetsa, fukulani ndi manja kapena supuni, ndipo lembani kachizindikiro ndi pensulo pamwamba pa dzira lililonse lisanasunthe. Dzira la kamba satembenuza ngati la nkhuku. Mwana amamatirira kumtunda kwa chigoba m'masiku oyambirira, ndipo mukalizunguza amafa. Aikeni m'chidebe cha vermiculite (timiyala topepuka tosunga chinyezi), atakwiririka theka, m'makina oswetsera pa madigiri 30 mpaka 32 kwa mitundu yambiri yowetedwa. Kutentha ndiko kumasankha kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi: kwa Hermann malire ali pafupi ndi madigiri 31.5, pamwamba pake aakazi amachuluka, pansi pake aamuna. Musakwezetse pofuna aakazi, kutentha kopyola ndi kumene kumabweretsa zigamba zosokonekera ndi zilema zina. Dzira lamoyo limayamba kuyera ngati choko kuchokera pamwamba, ndipo pakapita milungu mukaliunika ndi tochi mumdima mumaona timitsempha tofiira. A Hermann amaswa pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. A leopard tortoise amachedwa, miyezi inayi, isanu, nthawi zina kuposa, ndipo kutchire amatha kufika chaka. Anawo akaswa, apatseni pobisala pachinyezi, madzi tsiku lililonse, dzuwa ndi udzu, kuti akule pang'onopang'ono chigoba chili chosalala.

Mayi akamaliza kuikira muviikeni m'madzi ofunda, amamwa kwambiri. Mpatseni masamba amene amawakonda owazidwa kashiamu, muyezeni pasikelo, ndipo yang'anani kumchira ngati dzira silinamukhule pa nsonga ya chigoba. Wa ine amachubuka pang'ono pamenepo chaka chilichonse, ndimatsukapo ndi madzi oyera n'kumayang'anira ntchentche mpaka papole. Chisa musachigumule. Chithirireni ndi kuchifewetsa, chifukwa pakatha milungu itatu kapena inayi akhoza kubwereranso. Chaka chatha Nachitunda anaikira kawiri, mazira 10 kenako 7, ndipo maulendo onse awiri nambala ya m'dzenje inafanana ndi ya pachithunzi.